Tianapiye ta Agata

Ndili pabwalo la tchalitchi, koma tchalitchicho chamera pakati pa munda wanga wa mtedza. Ati lero ndi mayeso a Ukalistiya woyamba. Kumapeto kwa mzere kuli mdzukulu wanga Agata, wachibwibwi uja, amene anamubweza chaka chatha poti mawu anamukanirira pakhosi.

Abambo mfumu akhala pa mtondo wogadabuza. Akuti, "Agata mwana wanga, mu Ukalistiya timalandiramo ndani?"

Mwana kuyasamula: "Ye... Ye..." Abale inu, m'kamwamo mukutuluka tianapiye, kamodzikamodzi, tonyowa ngati tongoswa kumene!

Aphunzitsi a katekisimu akutipirikitsa ndi chipewa. "Si yankho limeneli! Wina abwere!"

Ndikufuna ndimunong'oneze yankho, koma m'kamwa mwanga mwadzaza makoko a mtedza.

Basi Abambo aja akugwada, akuyala mkanjo wawo padothi, tianapiye tonse tikuthamangiramo. Akutola kamodzi, kukaika kukhutu, n'kumvetsera nthawi yaitali.

"Agogo, musalire. Ndamva zonse. Lamulungu likudzali Agata abwere kutsogolo adzalandire Ukalistiya."

Ndadzuka mtima uli myaa. Agata akali mtulo pambali panga, kukamwa kuli kotsekuka pang'ono. Madzi ndakatunga ndekha, ndamusiya agone.