Chithunzi cha Yasin pa tsamba la Sankhani

Sankhani anabadwira ku Chigaru, mwana wa mayi wogulitsa zitumbuwa, ndipo chibadwire khasu linkamuyabwa m'manja. Anzake akamapita kukapalira, iye amakhala pamthunzi kumasula mawailesi a eni ake, ena osawabwezera n'komwe. Folomu folo anaikhoza mokwawa. Atakwatira Fyness wa kwa Kuntaja anatsegula kakontena pa Lirangwe, kutchaja mafoni, kuthira nyimbo m'mamemore, kusintha magalasi osweka. Sanali munthu woipa ayi. Anali chabe ndi maso a nkhuku, oona chimanga osaona mpeni.

Ntchito imene inamutchukitsa inayamba bwinobwino. Ana athu anathera ku Joni, ndiye kukagwa zovuta kuno uthenga umafika mochedwa, mwinanso wopotoka. Sankhani anatsegula tsamba pa intaneti lolengezapo maliro kuyambira ku Chileka mpaka ku Lirangwe: watisiya ndani, wa kwa yani, aikidwa liti, chipepeso chipite kwa ndani. Anthu anamuyamika. Akuluampingo amachita kumuimbira okha foni.

Ndiye kunjaku kuli anthu osaoneka nkhope amene amapachika malonda awo pamasamba oterewa, za nsapato, za mafuta oyeretsa khungu, za mankhwala ochepetsa thupi. Munthu akangodina pamalondapo, mwini tsamba amagwerwa kangachepe. Kungoona sikuphula kanthu, mpaka chala chidine. Poyamba zala zinali zaulesi, zimene amapeza sizinkakwana ndi bandulo yomwe. Apa Sankhani anayamba kuwerenga anthu ngati sing'anga. Anaona kuti uthenga wopanda chithunzi amangoupitirira. Anaonanso kuti mwana wa ku Joni akaona nkhope ya mayi ake m'bokosi amafuna kuikuza, misozi ili m'maso, osaona bwino pogwera chala. Basi iye anasuntha malonda aja n'kuwaika pansi pa chibwano cha malemu penipeni. Wolira akuti agwire mayi ake, wagwira nsapato. Nzeru za kusukulu zimenezo.

Zinamuyendera. Nyumba inafoleredwa malata, mwana wawo Noah analowa sukulu yolipira, Sankhani mwini wake kutulutsa kamimba.

Kenako kunagwa za Yasin. Ameneyu anali wa kabaza, Msilamu wa kuseri kwa msika, munthu woseka ndi mano onse, ndipo foni yake amatchajitsa kwa Sankhani yemweyo. Tsiku la msika, dzuwa lili paliwombo, lole inamuwomba pafupi ndi siteji ya maminibasi. Kwathu kuno munthu akagwa pamsewu, mayi amene ali pafupi amamasula chitenje n'kumufunditsa, kaya amamudziwa kaya ayi. Sankhani anafika chitenje chisanafike. Anamujambula ali chagada, fumbi kumaso, diso limodzi lili tong'o, nsapato ina ili uko. Asilamu sagoneka maliro. Pofika madzulo anali atamusambitsa, kumukulunga m'nsalu yoyera, kumunyamula pa jeneza n'kukamuika. Koma pa tsamba la Sankhani, Yasin anali adakagonabe pamsewu.

Chithunzi chimenecho chinaitana anthu kuposa maliro onse amene analengezapo. Ndi osamudziwa omwe, a ku Lilongwe, a ku Mzuzu, amabwera kudzasuzumira diso lija, zala zikugwa pamalonda ngati matalala padenga.

Mkazi wa Yasin, Sikina, anali pa eda, masiku aja amene namfedwa wachisilamu satuluka pakhomo. Anatumiza mawu kuti Sankhani afike. Anamukhazika pakhonde, iye akulankhulira kuseri kwa nsalu ya pachitseko, moti Sankhani amangoona zala za kumapazi.

"Achimwene, amuna anga anawasambitsa, anawaveka, anawapempherera. Inu mwawasiya pamtetete ndi fumbi lawo. Sadaka yowakumbukira isanafike achotseni pamsewupo, azipita."

Sankhani anavomera ndi pakamwa, chipewa chili m'manja. Koma eni malonda aja satumiza ndalama mpaka ikwane muyezo wawo, ngati wogula chimanga wokana ndowa yosadzadza, ndipo ndowa ya Sankhani inali itatsala pang'ono kusefukira. Anadziuza kuti masiku ochepa sangaphe munthu wakufa kale. Fyness atamva anamuuza kuti ndalama imeneyo akaitapa asaguleko ngakhale mchere wa m'nyumba mwake, akadyere konko kukontena.

Zinayamba ndi fumbi. Akapukuta galasi la foni yake, posakhalitsa layeranso mbuu, chonsecho foni ili m'thumba. Kenako belu. Masanasana, msika uli piringupiringu, amamva belu la njinga kuseri kwa kontena, kulira kawiri monga amachitira Yasin akabwera kudzatenga foni. Akatuluka, kuli mbuzi basi. Anthu akamubweretsera mafoni ozima, iye amawalandira chozondotsa, chifukwa m'galasi lakuda lija m'malo moona nkhope yake amaona diso limodzi likumudikira. Anzake a Yasin a kabaza anasiya kutchajitsa kwa iye. Nkhalamba zodwala zikamva kuti Sankhani akudutsa zimauza adzukulu kuti atseke chitseko, wojambula asaone kuti zayandikira.

Sadaka inafika. Mpunga unaphikidwa, mashehe anawerenga, anthu anadya n'kubalalika, Yasin ali pamsewu pomwepo. Ndalama inalowa patapita masiku angapo. Sankhani anaitapa kwa ejenti, n'kuipinda osaiyang'ana, ndipo ali chiimire pomwepo anachotsa chithunzi chija. Anapuma mpweya wautali, kuganiza kuti nkhani yatha.

Itha bwanji? Chinthu ukachimwaza pamphepo suchitolera ndi lichero. Anthu anali atachikopera kalekale. Chinali m'magulu a pa foni, chinali pamasamba a anyamata ena a m'tauni anjala ngati iye, nawonso atapachika malonda awo pansi pa chibwano chomwecho.

Eda itatha, Sankhani analimba mtima n'kupita kwa Sikina. Anamupeza panja akusankha nyemba, ataonda mpaka mpango kumukulira. Sankhani anagwada patali n'kunena kuti pa tsamba lake chithunzi wachotsa. Sikina anamufunsa za pamasamba enawo. Pamenepo mayiyo anamasula foni pa mfundo ya chitenje n'kumuonetsa. Anali Yasin yemwe uja, fumbi lomwe lija, koma pamwamba palembedwa kuti ngozi yachitika kumene pa Zalewa, wodziwa abale ake awauze.

"Sabata yatha anamwalira ku Dedza," anatero Sikina, mawu ake osakwera n'komwe. "Dzana amwaliranso pa Zalewa. Nthawi zonse pamapezeka wachifundo wonditumizira kuti ndizindikire ngati ndi anga. Tandiuzani inu odziwa zinthu, achimwene, amaliza liti kumwalira bambo amenewa?"

Sankhani anadzuka n'kubwerera kukontena.

Tsamba lija analitseka mwezi womwewo. Maliro ayambanso kuyenda pakamwa ndi pa foni za anthu, mochedwa muja. Noah anabwerera ku sukulu ya boma. Kontena ilipo, amangotchaja mafoni a anthu a kutali osadziwa mbiri yake. Mukadutsa pa Lirangwe mudzamuona atakhala pa kabenchi, tsitsi litayamba imvi asanakalambe, mutu uli pa foni. Musaganize kuti akusewera. Amakhala akusakasaka Yasin. Akamupeza penapake amalembera mwini tsamba mwaulemu, kumuuza kuti munthuyu anali ndi dzina, ali ndi mkazi, anaikidwa kalekale. Ena amachotsa. Ambiri amamufunsa kuti iyeyo ndi ndani, chikumukhudza n'chiyani.