Benwell ndi Pijo Yokhotera Kwina

Benwell Chulu, mlamu wanga, sanapite patali ndi sukulu, koma galimoto ankaidziwa kuposa anyamata amene masiku ano akupachika mapepala pakhoma. Ndikulemba izi chifukwa anthu a pa Mambwe asandutsa dzina lake nthabwala ya pamowa, pamene ambiri mwa osekawo anakwerapo vaneti yake ulere. Ndikuwadziwa mmodzimmodzi.

Anabadwira kufupi ndi Chinzombo, mwana wa msodzi. Umakaniko anaphunzirira pa kampu ina ya alendo, kuyambira kutsuka masipanala. Atakula anagula Pijo 504 yoyera, vaneti imene inali itatopa kale. Kwa zaka 26, Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse, inkanyamula tomato, kabichi ndi mazira a alimi a kuno kupita nazo ku kampu ina ya ku Nkwali. Ana asanu anaphunzira sukulu ndi ntchito imeneyo. Alice, mlongo wanga, ankati iye ndi mkazi wamng'ono chabe, wamkulu ndi Pijo.

Chaka chatha mvula itangotha, raki inathyoka. Raki ndi chitsulo chamano chimene chimakankha matayala akutsogolo munthu akapotoza chiwongolero. Anaiwotcherera kawiri, kawiri konse inathyokanso. Mkulu wa kampu anamuuza mosabisa: "A Chulu, alendo akuyamba kubwera. Mukapanda kufika Lachisanu loyamba la Juni, ntchitoyi tipereka kwa wina." Winayo analipo kale, ndi kalole kake katsopano ka ku Japan.

Kuno galimoto yakale ikadwala sitipita kusitolo, chifukwa sitolo ilibe kanthu. Timafuna mtembo, ndiye kuti galimoto yakufa ya mtundu womwewo, nkumachotsako chitsulo chimodzichimodzi. Benwell anali atatha kale mitembo iwiri. Wachitatu anaumva kwa Ruben, wogulitsa zitsulo zakale ku Chipata, amene anatumiza chithunzi pafoni: mphuno ya 504, mkango wake, chizindikiro cha Pijo, uli poyera. Benwell anagulitsa mbuzi zonse, mtembo nkubwera pa lole.

Tsiku limenelo ndinalipo. Anatsegula chitseko chakumanja, napeza mpando wopanda chiwongolero. Chinali kumanzere. Anatsegula boneti, nayang'ana mkati. Kabureta panalibe, panali timapaipi tinayi towonda topopera petulo. Redieta inali yopyapyala poyerekeza ndi yake. Sefa ya mpweya inali ya pepala, pamene yake ili ndi kambale ka oilo kogwira fumbi la m'chigwa muno. Anakanikiza galimotoyo ndi dzanja, inatsika mofewa ngati matiresi. Ine ndinapeza kabuku m'kabokosi ka kutsogolo, kolembedwa m'Chifalansa.

"Alamu, inu aphunzitsi, kakuti chiyani?"

"Iyi anaipangira ku France. Kumeneko amayenda kumanja kwa msewu, nkozizira, phula lokhalokha."

"Koma mkango ndi womwewu!"

"Mkango ndi womwewo, alamu. Nkhalango ndiye ina."

Tinamuimbira Ruben. Anaseka. "Mdala, munafunsa 504. Munafunsa kuti dalaivala akhala mbali iti?" Mawu amenewo ndinawalemba, ndipo ndidzamukumbutsa ngakhale pamaliro.

Kunatsala masiku naini. Raki ya mtembowo inali yabwinobwino, koma polumikizira chiwongolero panali kumanzere. Benwell anaitembenuza chadodolido kuti polumikizirapo pabwere kumanja, nawotcherera timikono tatsopano toigwira. Zinamutengera masiku anayi. Anakweza vaneti pa jeke nandiuza kuti ndipotoze chiwongolero kumanja. Ndinapotoza. Matayala anayang'ana kumanzere.

"Kumanja, alamu! Kodi kusukulu munkaphunzitsa chiyani?"

"Ndiko kumanja kumeneku."

Anabwera kudzaona yekha. Kenako anakhala pansi m'fumbi, mwamuna wa zaka 63, manja ali pamutu. Raki ukaitembenuza, mano ake amakankhira kwina. Iye ankadziwa zimenezi. Mantha ndiwo anamuiwalitsa.

M'mawa mwake ndinamupeza pa bwalo la mpira la pasukulu, ali m'vaneti yokhotera kwina ija, akuzungulira migolo pang'onopang'ono. Alice anali ataima pambali, akulira mokalipa.

"A Chulu, mukufuna kundisiyira umasiye chifukwa cha kabichi?"

"Amayi, galimoto yakana kuphunzira. Ndiphunzitsa manjawa, ndi anga."

Ndinamupempha kuti abwereke galimoto ya wina tsiku limodzi lokha. Tinapita kwa anthu atatu. Woyamba anati kiyi watenga mwana. Wachiwiri anati matayala atha. Wachitatu, amene mkazi wake anapita kukachira pa vaneti ya Benwell, sanatuluke ngakhale m'nyumba. Dzina lake sindilemba, akudzidziwa.

Masiku anayi anazungulira bwalolo, mpaka anatha kudutsa pakati pa zidebe ziwiri osagunda. Lachisanu alimi anapakira katundu wawo, ena akupemphera chamumtima. Alice anandigwira mkono. "Achimwene, pitani naye. Mwina inu adzakumverani." Tinanyamuka sikisi koloko, giya yachiwiri, Benwell akudziuza mokweza ngati mwana wa giredi wani: "Kumanja nkumanzere, kumanzere nkumanja." Njinga zinatipitirira. Thukuta linanyowetsa malaya ake dzuwa lisanatenthe. Mbuzi anazilewa, mabowo a mumsewu anawalewa, ndipo titasiya phula nkulowa msewu wa dothi wa ku Nkwali, ndinayamba kukhulupirira kuti tifika. Iyenso anamwetulira.

"Alamu, mukalembe kuti munthu wa giredi foro anagonjetsa Afalansa."

Pomwepo njovu inatuluka m'tchire chakumanzere, mwana wake ali pambuyo. Mawu aja a kumanja ndi kumanzere Benwell anawaiwala. Manja amene anagwira chiwongolero zaka makumi anayi anachita zimene ankadziwa, anapotozera kumanja kuti ailewe. Vaneti inapita kumanzere, nigwera m'ngalande, mphuno pansi. Ndinamva raki ikuthyoka.

Njovu inabwerera pang'ono, makutu ali tambalale, kenako inanunkhiza. Tinakhala m'katimo osapuma bwino, tikuona pagalasi chitamba chikutola kabichi imodziimodzi, mapazi akuponda tomato wa anthu. Mazira ankayenderera m'fumbi. Geti la kampu linali pafupi, moti tinkamva jenereta yawo ikulira. Benwell anali akugwirabe chiwongolero, misozi ikutsika, akunong'ona kuti, "Ndinawaphunzitsa manjawa, alamu. Masiku anayi ndinawaphunzitsa."

Lachiwiri lotsatira kalole ka ku Japan kananyamula ndiwo za alimi aja, ndipo kakunyamulabe.

Lero Benwell amamata machubu a njinga pansi pa mtengo wa pakhomo pake. Kumbuyo kwa nyumba kuli ma Pijo awiri oyandikana, mikango iwiri yofanana, wina chiwongolero kumanja, wina kumanzere, nkhuku zikuikira mazira m'mipando. Woyendetsa lole aliyense wopita ku Lusaka kapena ku Malawi amamuimitsa nkumupatsa kapepala kolembedwa ndi dzanja langa: raki ya 504, ya chiwongolero cha kumanja. Amandiuza kuti mawu akuti kumanja ndiwalembe mzere kunsi kawiri. Mapepalawo tatumiza ambiri. Palibe amene wabwera ndi yankho.