Kabokosi Koyera pa Dazi la Amalume

Ndikukumbukira kashopu ka amalume anga pa Mitundu, momwe ankalembera anthu makalata pa kompyuta. Munkanunkha fumbi lotentha ndi chipisi cha panja. Ndili sitandade sikisi anandiphunzitsa kujambula ndi timabokosi: umakulitsa tsamba mpaka lioneke ngati kope la masamu, kenako nkumapaka kabokosi kamodzikamodzi.

Malamulo awo anali awiri. Mitundu ikhale inayi yokha, kuyambira wowala mpaka wakuda. Ndipo usanayambe, usankhe mbali yomwe dzuwa lili, chifukwa Mulungu anapachika limodzi lokha.

Chaka chimenecho aphunzitsi a Sande sukulu anandisankha kuti ndijambule Yosefe ndi abale ake, chithunzi choti tikachionetse pa msonkhano wa ana ku Nathenje. Ndinkafunitsitsa kuti mpingo wathu ukatchuke chifukwa cha ine.

"Amalume, malaya a Yosefe anali a mitundumitundu," ndinadandaula. "Komanso ife ndife a pa Mitundu. Inayi yokha bwanji?"

"Dzina la msika si inki, Tamanda," anayankha, nkupita kukadya.

Atangotuluka ndinachimwa mosangalala. Ndinathira wofiira, wobiriwira, wa buluu, wa pinki, uliwonse womwe unandikodola. Dzuwa ndinaliiwala. Kenako, pobwezera, m'bale wamkulu wa Yosefe ndinamumeta tsitsi lonse, ndipo pamwamba pa mutu wake wakudawo ndinaikapo kabokosi kamodzi koyera, pomwe dazi la amalume linkanyezimira masana.

Chomwe sindinaganize nchakuti makina awo osindikizira anali ndi inki yakuda yokha. Pepala litatuluka, mitundu yanga yonse inasanduka phulusa lofanana, poti panalibe wowala kapena wakuda kuposa unzake. Yosefe anaoneka ngati wavala thumba la makala. Chinthu chokha chowala pa pepala lonse chinali kabokosi kaja.

Amalume analiyang'ana nthawi yaitali, akusisita mutu.

"Apa pokha ndiye wakhoza kuwala," anatero. "Upite nalo chomwechi."

Ku Nathenje palibe anamuzindikira Yosefe. Koma amalume atangolowa ndi jekete lawo, ana a mpingo wathu anaona dazi lawo lofanana ndi la pa chithunzi, nkuyamba kutsinana, kuseka nkufika mpaka kwa amayi a chigwirizano. Ine sindinaseke. Ndinali nditakumbukira ana aja a m'Baibulo amene anaseka dazi la mneneri Elisa nkukhadzulidwa ndi zimbalangondo, ndipo njira yonse yobwerera ndinkasuzumira pa windo la minibasi, kuopa kuti zimbalangondo zitsika ku Dzalanyama.

Lero ndimajambula pa foni, ndipo mitundu ilimo yosawerengeka. Komabe ndimasankha inayi, ndipo ana anga a Sande sukulu ndimawafunsa kaye komwe kuwala kukuchokera, m'chithunzi ndi m'moyo momwe. Ambuye anandichitira chifundo, zimbalangondo sizinabwere. Pepala lija amalume akali nalo. Amalisunga m'Baibulo lawo, pa tsamba la Elisa, ndipo ndikapita kukawaona amalitsegula pomwepo.