Chifuwa cha Mayi Horpyna

Mwa akazi tonse amene tinagwidwa m'mudzi mwathu ku Ukraine, Mayi Horpyna ndiwo anali aakulu. Asilikali a ku Germany ankafuna atsikana, koma Mayi Horpyna anabisa mwana wawo m'khola la ng'ombe n'kukwera okha galimoto. Msilikali sanafunse, bola malo adzaze.

Anatipititsa ku fakitale ya mabomba ku Germany. Ntchito yathu inali kuthira onga m'zigoba zachitsulo, ndipo ongawo unatisandutsa achikasu manja, tsitsi, mpaka m'maso.

"Atsikana inu, mwapsa ngati maungu," ankatero Mayi Horpyna. "Adzakukwatirani ndani?"

"Inu mwafota kale, amayi," tinkawabwezera.

Chisanu chitafika anayamba kutsokomola. Tonse tinkadziwa kuti wodwala amamutengera ku kanyumba ka kuseri kwa njanji, ndipo kumeneko palibe anabwerako. Kapitawo wathu, Lutze, ankayenda kumbuyo kwathu khutu lili tcheru. Mayi Horpyna ankachimeza chifuwacho mpaka misozi kutuluka, kudikira kuti makina abangule. Akalephera, mmodzi wa ife ankagwetsa chitsulo dala kuti chifuwacho chisamveke, n'kumenyedwa khofi.

Tsiku lina anatiimika pamzere kuti dokotala atione. Ndinapala njerwa n'kupaka Mayi Horpyna fumbi lofiira m'masaya kuti aoneke athanzi.

"Ukuopa chiyani, Melanka?" anandinong'oneza. "Akufuna ine, osati iwe, mwanangu."

Dokotala anafika n'kuima patsogolo pawo. Ndinkamva chifuwa chawo chikulira ngati mluzu, ndipo ndinati basi, nayenso wamva. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako analoza Fedora, mtsikana amene anaima pambali pawo, yemwe miyendo inali itatupa. Anamutenga pomwepo.

Kuyambira tsikulo Mayi Horpyna anasiya nthabwala. Buledi wawo ankamunyema pawiri, theka n'kupatsa mng'ono wake wa Fedora. Chitseko chikatseguka ankadzidzimuka.

Asilikali a ku America atafika, Lutze anali atathawa kale. Ife tinathamangira kugeti, koma Mayi Horpyna anakhalabe pabenchi yawo yogwirira ntchito.

"Tiyeni, amayi, nkhondo yatha!"

"Wanena ndani? Lutze akabwera n'kupeza pamalo panga palibe munthu?"

Tinachita kuwanyamula. Anakwera nafe sitima ya pamtunda yobwerera kwathu, akutsokomola momasuka, koma anamwalira tili m'dziko la Poland. Sitima itaima pa sitesheni ina kuti imwe madzi, tinawaika m'mbali mwa munda wa mbatata, ndipo dzina la sitesheniyo palibe analifunsa.