Azakhali Esinati atabwerako ku Guangzhou

Ndikukumbukira Loweruka lina masana, ndili ndi zaka khumi, azakhali anga a Esinati akutsika kombi, minibasi ya kwathu, pa komboni ya mgodi ya Eiffel Flats ku Zimbabwe, ndi zikwama ziwiri zamizeremizere. Anali atapita ku Guangzhou, ku China, kukaoda zovala pamodzi ndi amayi ena a ku Chegutu. M'komboni mwathu munalibe amene anakwerapo ndege, choncho anthu anadzaza pakhonde, ena n'kukhala pa zidebe. Zikwamazo zinkamveka fungo la pulasitiki watsopano, ndipo ine ndinkazinunkhiza mobisa.

Tinkayembekezera kumva za nyumba zitalizitali. Azakhali anangoti zilipodi, ukaziyang'ana khosi limawawa, n'kupitirira. Zimene zinawagwira mtima zinali zina. Anati m'mawa nkhalamba zimasonkhana pansi pa mitengo n'kumavina pang'onopang'ono ngati zikuwoloka mtsinje. Zovala amayanika pa nsungwi zotulukira pawindo, m'mwamba mwenimweni, moti kabudula akagwa mwini wake amangomutsanzika. Madzi akumwa amakupatsa otentha ngakhale thukuta lili kamukamu. Masiku awiri anadya mpunga ndi timitengo, wambiri ukugwera pachitenje, mpaka mayi wogulitsa chakudyayo anawamvera chisoni n'kuwabweretsera supuni.

Atafika pa nkhani ya sitima yoyenda pansi pa nthaka, bambo anga, amene anagwira mumgodi zaka zambiri, anakana.

"Pansi ndikupadziwa ine, mlongo. Pali fumbi ndi madzi. Munthu sangalowemo atavala suti."

"Amalowa, achimwene," anatero azakhali. "Mumawala kuposa m'chipatala, ndipo anthu amagona choimirira chifukwa chotopa, ngati inu nomwe mukaweruka."

Anthu anaseka. Kenaka azakhali anafotokoza za tsiku limene anasochera mumsika waukulu wa nsalu. Mtsikana wina wa m'sitolo anawaona akulira, anasiya ntchito yake n'kuwaperekeza mpaka kumene ankagona. M'njira anawafunsa m'Chingerezi chothyokathyoka kuti kwawo n'kuti.

"Ndinati Zimbabwe. Iye anagwedeza mutu n'kubwereza kuti Zimbabwe. Basi. Sanafunse kuti bambo ako anabadwira kuti."

Tonse tinkadziwa kuti azakhali anayendera pasipoti yawo zaka ziwiri asanaipeze, chifukwa chitupa chawo chinkawatchula kuti mlendo ngakhale anabadwira m'komboni momwemo. Agogo aamuna anachokera ku Nyasaland ali mnyamata, ndipo ife adzukulu kusukulu ankatinenabe kuti mabhurandaya, dzina lonyozera obwera ochokera kumeneko.

Agogowo anali pampando wawo pakona, maso atayamba kale kuchita khungu. Anafunsa motsitsa mawu: "Anakukhulupirira kuti ndiwe wa ku Zimbabwe?"

"Anakhulupirira, ababa."

Agogo anavula chipewa n'kupukuta nacho kumaso nthawi yaitali. Atatha anapempha tiyi wobiriwira amene azakhali anabweretsa. Analawa, anati akumveka ngati udzu wa ng'ombe, koma anamaliza kapu yonse.

Lero ana anga amaona mizinda ngati imeneyo pafoni, saidabwa n'komwe. Ndikawalankhula m'Chichewa amandiyankha m'Chishona, ndipo zitupa zawo anatenga popanda wowafunsa za agogo awo. Azakhali anakalamba, maondo anawakana, amagulitsa tomato pakhomo pawo ku Chegutu. Pasipoti yawo inatha ntchito kalekale, koma ukapita kukawaona amaitulutsa m'kapepala kapulasitiki usanakhale pansi n'komwe.