Chingwe chachifupi cha m'baraka ya azakhali

Mpaka lero ndikamva fungo la sopo wamtanda litasakanikirana ndi la kapenta, khosi langa limayamba kukoka lokha. Ndi fungo la pansi pa tebulo la m'baraka ya azakhali anga, kamsasa kawo kogulitsiramo malonda pa msika wa Domwe, pomwe ndinathera chisanu chonse cha chaka chimene ndinali m'kalasi yachitatu. Pamwamba pa tebulolo panali mchere, shuga womanga m'timapepala, machesi ndi mafuta ophikira a m'timabotolo. Pansi pake panali makatoni a sopo, thumba la kapenta, bateriya yakale ya galimoto, ndi ine.

Kwathu kunali kumudzi kuseri kwa phiri, ndipo shikola inali kutali. Mvula ikagwa, mtsinje unkatitsekera njira. Azakhali, mlongo wawo wa bambo anga, anabwera ndi pakamwa pokoma kudzanena kuti ine Luwiza ndipite ndikakhale nawo ku Domwe, shikola ili pakhomo, mwana akaphunzire. Amayi anakulira m'msasa wa othawa nkhondo ku Malawi ndipo sanapite patali ndi maphunziro, choncho atangomva za shikola anagonja. Zimene azakhali sanatchule n'zakuti mwana wawo Nelito anali atangomuletsa bere, ndipo ankalira mpaka msika wonse kumudziwa dzina.

Chomutontholetsa chinali chimodzi chokha, telefoni yaikulu yagalasi imene azakhali anagula yogwirapo kale ku Kalomwe. M'kati mwake munali tizidole tovina ndi nyimbo za ana, ndipo Nelito akangotiona ankatseka pakamwa misozi ili m'masaya. Koma telefoniyo inali ndi nthenda yake: inali yosasunga moto. Ukangoizula pa chingwe inkazima pomwepo. Chingwecho chinali chachifupi, ngati kuchokera pa chigongono changa kufika kunsonga ya chala, ndipo chinalumikizidwa ku bateriya ija, yolemera mosanyamulika, yobisidwa kumbuyo kwa makatoni kuopa akuba. Telefoni sinkatha kutuluka, ndiye Nelito ankalowa pansi pa tebulo. Poti akanaiponya pansi kapena kutafuna chingwe, ine ndinkalowa naye.

Ndikaweruka ku shikola masana, ndinkangoika kaderno wanga wolembamo pa katoni n'kukwawira m'menemo. Ndinkakhala pa thumba lopinda, miyendo nditapinganiza, Nelito ali pamiyendopo. Thabwa la tebulo linkandikhudza paliwombo, choncho mutu unkayenera kuwerama. Manja onse awiri ankagwira telefoni m'munsi, pafupi ndi bateriya, chibwano chili pachifuwa. Mphepo ya Juni inkalowera kunsi kwa malata n'kundiluma m'akakolo, miyendo inkachita dzanzi, maso ankawawa ngati mwalowa utsi. Msika ndinkaudziwira kumapazi: majombo a anyamata okweza matumba a mbatata ya kachewere m'malole, zidendene zong'ambika za amayi ogulitsa nyemba, matayala a njinga opakika dothi lofiira. Ndinkatuluka dzuwa litapendeka, pamene azakhali ankayamba kulongedza.

Masiku oyamba ndinkasangalala, sindinama. Kumudzi ndinali ndisanagwirepo chinthu chowala chotero. Koma tizidoleto tinali tomwe tomweto, nyimbo zomwe zomwezo, ndipo posakhalitsa ndinkaziimba ndi kutulo komwe. Ndikayesa kuongola msana, chingwe chinkazuka, telefoni n'kuzima, Nelito n'kuyamba, ndipo phazi la azakhali linkandigunda pantchafu, pamwamba malonda akupitirira.

Kenako khosi linazolowera. Ndinayamba kuyenda chowerama ngakhale panja, maso ali pa zala zakumapazi. Apa ndi pomwe pamandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa akuluakulu onse anaona, ndipo onse anakondwa. Kwathu mtsikana woleredwa bwino sayang'ana akulu m'maso, amawerama. Amayi a pa msika ankandiloza n'kumauza ana awo kuti atengere ine. "Mwana uyu ndi waulemu, sadzutsa mutu," ankatero. Azakhali ankamwetulira n'kuyankha kuti, "Akuumbidwa ndi ine ameneyu, anabwera ali mbuli." Ku tchalitchi ankati ndine wopemphera. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zofunsa ngati mwana wowerama tsiku lonseyo angathe kuweramuka.

Ku shikola zinali zina. Ndinali wamtali, ndiye ankandikhazika kumbuyo, ndipo kuti ndione zimene aprofesori, aphunzitsi athu, alemba kutsogolo ndinkayenera kudzutsa mutu. Ndikatero ululu unkayambira kunkhongo, n'kutsikira pakati pa mapewa, wina n'kukwera kudzakhala kuseri kwa maso. Ndinasiya kuyang'ana kutsogolo, ndinkangokopera kwa mnzanga wapambali, zolakwa zake zomwe. Aprofesori ankati ndikuwodzera. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwauza azakhali kuti khosi likundipweteka. Anayankha akuyeza mchere, osandicheukira: "Khosi la mwana silipweteka. Wagonera mbali imodzi."

Zinadzaululika m'mawa wina wa nkhungu, ku mjigo. Kusenza ndinali katswiri. Kumudzi ndinkabwera ndi ndowa yodzaza kuchokera kudambo osaigwira, manja ndikusewera nawo, ndipo ndinkanyada nazo. Chisanu chimenecho madzi ankatunga mtsikana wina wa ganyu, koma tsikulo anadwala, ndiye anatuma ine. Ndinapinda nkhata, ndinaika pamutu, mayi wina ananditwika. Khosi linakana kuongoka. Ndowa inakhala chopendekera, kulemera konse kunatsikira kunkhongo, ndipo ndinamva ngati wina wandibaya ndi chitsulo chamoto. Ndinagwa chogwada m'matope, ndowa ya azakhali inang'ambika kuchokera kukamwa mpaka pansi. Amayi a pa mjigopo anayamba ndi kuseka, kenako anasiya ataona kuti sindikutha kucheuka.

Madzulo ake ulemu wanga wonse unali utatha. Pakamwa pomwe pankandiyamikira ndi pomwe panayamba kundidya. Azakhali anauza aliyense wodzagula machesi kuti telefoni yandiwononga, ndimangokhalira imeneyo tsiku lonse, ntchito ndaiwala, ndasanduka waulesi. Msika wonse unavomereza, aliyense n'kuwonjezapo zake za ana a masiku ano. Anthu omwewo ankaona mapazi anga akutulukira pansi pa tebulo masana onse, ndipo ankadziwa bwino amene anandilowetsamo. Azakhali anatumiza mawu kumudzi kudzera mwa bambo wina wa njinga kuti amayi abwere adzaone chimene mwana wawo wasanduka.

Choipa n'chakuti ine ndinakhulupirira. Ndinkati poti masiku oyamba aja ndinkasangalala ndi tizidole, ndiye kuti mlandu ndi wangadi, ndipo khosi ndi chilango chake. Ululu sunkandiopsa ngati nkhope ya amayi. Ananditumiza kuti ndikhale woyamba m'banja mwathu kuphunzira, ndipo ankabwera kudzapeza mtsikana wolephera kusenza ndowa.

Anafika tsiku la msika, wapansi, fumbi lili mpaka m'mawondo. Anapatsana moni ndi azakhali mwaulemu wonse, anamvetsera madandaulo mpaka kumapeto osadula mawu. Kenako anandiuza kuti ndiwayang'ane. Ndinakweza maso okha. Anandigwira chibwano n'kuyesa kuchikweza pang'onopang'ono, ndipo ndinalira. Zala zawo zinayenda kunkhongo kwanga, zinapeza mitsempha itauma ngati chingwe chomangira mbuzi.

"Umakhala pati ukamaonera telefoniyo?" anandifunsa.

Ndinaloza. Amayi anamangitsa chitenje chawo, anagwada pamaso pa ogula onse, n'kukwawira pansi pa tebulo. Ndi munthu wamfupi, koma mutu wawo unagunda thabwa mpaka timabotolo ta mafuta tinagwedezeka. Anatenga telefoni, anayesa kuikweza kufupi ndi nkhope, chingwe chinazuka, inazima. Anailumikizanso, anawerama monga ndinkaweramira ine, ndipo anakhala choncho kanthawi, anthu atasiya zogula n'kumasuzumira. Potuluka anagwirira mwendo wa tebulo, kangaude ali pa duku.

"Alamu," anatero, mawu ali pansi, "mwana ameneyu analowa yekha pansipa?"

Azakhali anayamba za ogula, za kulira kwa Nelito, za kuti iwo ali ndi manja awiri okha. Amayi anawasiya amalize.

"Ndinakupatsani mwana woongoka," anatero, n'kundiuza kuti ndikatenge zovala zanga.

Tinadzera ku chipatala. Bambo amene anandiona anati mafupa ali bwino, koma minofu yakungika chifukwa chokhala nthawi yaitali chowerama. Anatipatsa mankhwala opaka, anandiletsa kusenza, anandionetsa mmene ndizitembenuzira mutu pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Kumudzi amayi ankandithowa ndi nsalu ya madzi otentha, n'kumandigoneka chagada pa mphasa popanda chotsamira. Akamapeta nyemba ankandikhazika pabwalo kuti ndiziwauza mbalame imene yatera pansonga ya bulugama, ndipo ndinkadziwa kuti mbalameyo alibe nayo ntchito. Khosi linamasuka mitengo itayamba kuphuka. Chaka cha shikola chinali chitapita, ndipo kalasi yachitatu ndinaibwereza kumudzi, kuwoloka mtsinje womwe uja. Bambo anga sananene kanthu kwa mlongo wawo, ndipo chimenechonso sindinachiiwale.

Nyengo yotentha itafika, ndinaperekeza amayi ku Domwe kukagulitsa nyemba. Tinadutsa pa baraka ija. Nelito anali atakhala pamwamba pa tebulo, pa thumba lofewa, mphepo ikumupita, msana uli chilili. Telefoni inali itatsamira botolo la mafuta molunjika nkhope yake, ndipo chingwe choyera, chachitali, chinkatsika mpaka pansi n'kutsala china chitadzikulunga. Mnyamata wa baraka yoyandikana, wogulitsa matochi ndi zingwe za telefoni, ndiye anauza amayi akuseka. Anati tsiku limene tinachoka lija azakhali analowa okha pansipo ndi mwana wawo, anatuluka atagwira khosi, ndipo kutacha anabwera kudzagula chingwecho. Zingwe zotero zinali zikulendewera pa msomali wake chisanu chonse.

Ine pamenepo, zonena za mnyamatayo osaziikira kumtima, ndinakondwa. Ndinaganiza kuti Nelito ali ndi mwayi, zingwe zazitali zangofika kumene pa msika, ndipo ndinamukwezera dzanja. Sindinamvetse chifukwa chake amayi anandikoka mkono n'kuyenda mofulumira mpaka kumalole.

Tsopano ndine wamkulu, ndipo Juni akafika khosi limandikumbutsabe. Ndikakwera shapa, minibasi ya ku Ulongwe, n'kuona kamwana katapindikira pa telefoni, akulu akung'ung'udza za ana a masiku ano, sindiyamba ndi kuyang'ana mwanayo. Ndimayang'ana amene wamupatsa kuti akhale chete. Ndili mwana ndinkati chinandipinda ndi telefoni, ndi mtima wanga wokonda tizidole. Lero ndikudziwa kuti chingwe chachitali chinali pa baraka yoyandikana kuyambira tsiku loyamba, ndipo chinkangodikira kuti lipweteke khosi la munthu wamkulu. Ine ndinakhala pansi pa tebulo lija chisanu chonse. Azakhali anapirira masana amodzi.