Mtsikana wa ku Chipangali Amene Sitinamulembe Ntchito

Ndinagwira ntchito ya ulembi zaka zisanu ndi zinayi pa kampani ina yogula thonje muno mu Chipata. Pa anthu onse olandira malipiro a pamwezi, mkazi ndinali ndekha. Ndinkanyadira zimenezo, ndipo alendo akabwera, abwana athu ankandiloza ngati umboni wakuti kampani yawo sisankha munthu.

Chaka china, mvula isanayambe, panafunika mlangizi wa alimi a ku Chipangali. Ntchito yake inali kuyendera minda pa njinga yamoto, kugawa mbewu ndi kuphunzitsa alimi kupopera mankhwala. Makalata ofunsira ntchito anadzaza katoni, ndipo tinasankhamo anthu asanu oti abwere ku mayeso. Anayi anali amuna. Wachisanu anali mtsikana wa zaka ngati makumi awiri ndi zisanu, wophunzira za ulimi, ndipo dzina la bambo ake linali lachitonga, la anthu a kumwera kwa dziko lino.

M'mawa wa tsikulo abwana anandiitana mu ofesi mwawo. Anati ndikhala nawo pa gulu lofunsa mafunso, pamodzi ndi iwo ndi mkulu wa alangizi. Kenaka anatenga kalata ya mtsikanayo, n'kuwerenga dzina lake mopotoza dala, mkulu wa alangizi n'kuseka. Abwana anati alimi athu sangakhulupirire mlendo, komanso mkazi amangoyamba ntchito lero, mawa ali ndi pakati, njinga n'kumachita dzimbiri. Anandiuza kuti ndimufunse ine za banja ndi za ana, chifukwa funso lotere limamveka bwino likachokera kwa mkazi mnzake. Ndinavomera, ndipo sindinganame kuti anandiopseza. Ndinangomva kukoma kuti andipatsa mpando pa tebulo lalikulu.

Mtsikanayo analowa pomaliza, nsapato zili fumbi, popeza anabwera pa lole ya chimanga. Anatipatsa moni m'Chinyanja cha kumudzi chenicheni, choposa changa ine wokulira m'tauni. Mkulu wa alangizi atamufunsa kwawo, anati anabadwira ku Chipangali konko. Bambo ake anabwera kudzaphunzitsa pa sukulu ya kumeneko, anakwatira Mchewa, ndipo manda awo ali komweko. Kumwera kwa dziko lino iye anali atapitako kamodzi kokha, ku maliro.

Za thonje anayankha mpaka mkulu wa alangizi anasiya kulemba n'kumangomvetsera. Anafotokoza mmene munthu angadziwire kuti mbozi zalowa m'munda zisanaboole thonje, ndi chifukwa chake alimi ena amabisa mankhwala a kampani n'kukathira m'dimba la tomato. Titatuluka panja, anakwera njinga yamoto, anazungulira nyumba yosungiramo thonje kawiri, n'kuima bwinobwino pamalo amene anauzidwa. Mmodzi wa amuna aja njinga inali itamuzimira katatu.

Titabwerera m'kati, abwana anandiyang'ana. Ndinamufunsa mtsikanayo ngati anali pa banja, ngati mwamuna wake angamulole kuyenda m'midzi, ndiponso kuti akuganiza zobereka liti. Iye anandiyang'ana, manja ali pa maondo.

"Amayi," anatero, "abambo anatuluka aja mwawafunsanso funso limeneli?"

Abwana anamuuza kuti anabwera kudzayankha, osati kudzafunsa. Pamenepo anayankha mwaulemu kuti sanakwatiwe, ndipo za ana sakudziwa.

Atapita, aliyense anaonetsa pepala lake. Ine ndinali nditamupatsa malikisi oposa onse. Abwana sanakalipe. Anangokankhira labala pafupi ndi dzanja langa, n'kupitiriza kucheza ndi mkulu wa alangizi. Ndinafufuta, ndinalemba ena ochepa. Ntchito anaipeza mnyamata wa kufupi ndi Mtenguleni, Mngoni ngati abwana. Anali munthu wabwino ndi wakhama, analibe mlandu. Kalata youza mtsikanayo kuti sanapambane ndinaitayipa ndine.

Patapita miyezi isanu, thonje litachita maluwa, tinapita ku Chipangali ku chionetsero cha m'munda. Ine ndinali kulemba maina a alimi pansi pa mtengo wa mango. Nditakweza mutu ndinamuona mtsikana uja ali pamzere, atavala chitenje ndi mpango, atagwira dzanja mayi wina wokalamba. Anali amayi ake, ndipo analinso mlimi wathu wa thonje wa zaka zambiri. Alimi amene abwana ankati sangamukhulupirire ankamuitana uku ndi uku kuti awawerengere zolembedwa pa mabotolo a mankhwala.

Anthu atapita kukadya, mtsikanayo anabwera ndi kapu ya madzi, anagwada pang'ono n'kundipatsa. Anati sanabwere kudzadandaula. Anali kulemba makalata ena ofunsira ntchito, ndipo ankaganiza zosiya dzina la bambo ake kuti azilemba la amayi ake. Koma zinkamupweteka mtima, chifukwa bambo akewo ndi amene anamuphunzitsa sukulu.

"Mundiuze zoona, amayi, inu munalipo," anatero. "Chinandilepheretsa ndi dzina, kapena poti ndine mkazi, kapena ndinalakwitsa penapake? Ngati ndinalakwitsa, ndikonze."

Ndinali ndi ana atatu pa sukulu, ndipo abwana anali chapafupi, ataima pa galimoto. Zimenezi ndazinena kwa ine ndekha kambirimbiri, koma zoona zake n'zakuti sakanamva. Ndikanatha kumunong'oneza kuti sanalakwitse kanthu, kuti anaposa onse. Koma kutero kukanafuna kuti ndiulule zimene ndinachita ineyo. Ndinamuuza kuti ofunsira anali ambiri, ndipo ena anangomuposa pang'ono pa mayankho.

Anagwedeza mutu, n'kunena kuti akawerenganso mabuku ake. Anandithokoza, anatenga kapu ija n'kubwerera kwa amayi ake.

Chaka chotsatira ndinamva kuti wayamba kugulitsa mbewu ndi feteleza m'sitolo ya mmwenye wina m'tauni. Kwa zaka ziwiri ndinkadutsa msewu wa kuseri kuti ndisaonane naye, ngakhale mbewu ya dimba langa ndinkagula komweko kale. Nditasiya ntchito pa kampani ija, ndinalimba mtima n'kupita. Ndinapeza mtsikana wina pa kauntala. Nditafunsa za mtsikana wa ku Chipangali uja, anati amene ndikumufunayo anachoka kalekale, ena amati ali ku Katete, ena ku Lusaka. Anandifunsa dzina lake lonse kuti afunse kwa mwini sitolo. Ndinatchula lija ndinalitayipa pa kalata, iye n'kunena kuti loyambalo ndi lomwelo, koma lachiwirilo sanalimvepo. Pa sitolo paja ankadziwika ndi dzina lachichewa.